Chaka Chimene Amayi Ananamizira Kupemphera

Amayi anga dzina lawo ndi Corinne Vasko. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndi aafupi, amayenda mothamanga ngati basi ikuwasiya, ndipo ntchito yawo ndi yogawa chakudya chamasana pasukulu ya pulayimale ya kuno kwathu. Mutawaona atavala kaneti kumutu, chipande chili m'manja, simungawayang'ane kawiri. N'chifukwa chake ndikulemba izi. Ine ndine Petra, mwana wawo woyamba. Sukulu ndinaisiya nditatsala ndi chaka chimodzi, panopa ndimatsuka magalimoto, koma mphunzitsi wina ankati ndimatha kulemba, ndiye ndati ndiyambe ndi munthu amene ndimamudziwa bwino.

Anabadwira ku Tacoma. Bambo awo ankatsitsa katundu padoko, mayi awo ankasoka makatani. Asanabwere kuno, m'tchalitchi analowamo kawiri kokha: pamaliro a agogo awo, ndi paukwati wa mnzawo wina, ukwati womwe sunathe n'chaka chomwe. Sikuti ankadana ndi Mulungu ayi. Nkhani yake sinkabwera basi. Lamlungu kwathu linali tsiku lochapa ndi lodzuka mochedwa, ndipo kumeneko panalibe wofunsa.

Kenako fakitale imene bambo ankagwirako ntchito inatsekedwa. Anakhala miyezi isanu ali pakhomo, mpaka anapeza ina kufupi ndi Huntsville, ku Alabama kuno. Tinayenda masiku anayi pagalimoto, ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, mng'ono wanga Junie ali ndi zisanu ndi ziwiri, mphaka akulira njira yonse.

Nyumba tinapeza kunja kwa tauni, kumene nyumba zonse ndi za njerwa zofanana ndipo mitengo yake ndi yaifupi kuposa ine. Tisanamalize kutsitsa makatoni, anatulukira Mayi Lurleen Tillery a nyumba yopenyana ndi yathu, atanyamula chimbale cha makaroni ophika ndi tchizi.

"Takulandirani, anzanga! Iii, ndi dzuwa limeneli mwapsatu. Nanga aka n'kandani kokongolaka?"

"Ndi Junie," anatero amayi.

"Ine ndikulera mdzukulu wanga Annslee, msinkhu womwewu. Akhala kalasi imodzi, muona. Nanga tchalitchi mwapeza kale?"

Amayi anaseka uku akupukuta thukuta. "Ayi mayi, ife sitipemphera. Sitinayambe tapitako."

Mayi Tillery anamwetulirabe, koma kumwetulirako kunangotsalira pankhope ngati akuiwala kukuchotsa. "Oho. Chabwino, mwanangu. Mbaleyo mubweza mukapeza mpata."

Ndinene chilungamo, palibe anatitukwana. Tikamadutsa ankatibayibitsa. Bambo akamatchetcha kapinga Lamlungu m'mawa, magalimoto opita kutchalitchi ankangochepetsa liwiro, anthu n'kuyang'ana, n'kumapita. Zinali zomwezo basi. Munthu sungakadandaule kulikonse kuti anthu akungokuyang'ana.

Mu Okutobala Junie anakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo tsikulo linagwa Lachitatu. Amayi analemba pamanja makadi makumi awiri oitanira kalasi yonse, anagula pitsa zisanu, anamangirira mabaluni pabokosi la makalata. Sanadziwe kuti Lachitatu madzulo kuno ndi nthawi ya tchalitchi, moti ngakhale aphunzitsi sapereka ntchito yokachitira kunyumba tsiku limenelo. Cha m'ma faifi minibasi yoyera ya tchalitchi inadutsa mumsewu wathu ikutola ana khomo ndi khomo. Junie anaima pawindo atavala chisoti chapepala. Pitsa ija tinadya masiku anayi.

Amayi anati vuto linali tsikulo, ndiye anaitananso Loweruka. Kunabwera mwana mmodzi, mayi ake n'kudikira m'galimoto injini ili chilirire. Lolemba lake Annslee anauza Junie kusukulu kuti, "Agogo akuti kwanu sindingalowe, koma ndikhoza kumakupempherera."

Mwezi wotsatira amayi anayamba ntchito m'khitchini ya sukulu ya Junie. Ankati akufuna kumatulukako m'nyumba, koma tonse tinkadziwa chimene ankatsata. Ndipo anachiona. Junie ankakhala kumapeto kwa tebulo lalitali, mpando wa pambali pake uli wopanda munthu, n'kumatsegula kabokosi ka mkaka pang'onopang'ono kuti manja akhale ndi chochita. Amayi ankaona zimenezi tsiku lililonse atayima pamtunda wa mapazi khumi, akuthira nyemba m'mbale za ana a eni.

M'khitchinimo muli Mayi Odessa Pruitt, amene aphikamo zaka makumi atatu ndipo saopa munthu. Tsiku lina atapeza amayi akulira kuseri kwa firiji, anawakokera panja.

"Iwe Corinne, ndiwe wopusa kapena wouma mutu? Kuno sumanena kuti supemphera. Umati tikufunafunabe. Mlamu wanga wakhala akufunafuna tchalitchi zaka makumi awiri, Lamlungu lililonse amakachifunira kumtsinje ndi mbedza. Alipo amamuvutitsa?"

"Koma limenelo ndi bodza."

"Eya, ndi bodza. Nanga mwana adye chilungamo chakocho?"

Loweruka lomwelo amayi anatsitsa mbale ya Mayi Tillery ija, yomwe inali itakhala pamwamba pa kabati miyezi inayi chifukwa ankaopa kukaibweza. Anaphika buledi wa nthochi, anaikamo, n'kuwoloka msewu. Ine ndinali pakhonde pathu, ndinamva zonse.

"Mayi Tillery, takhala tikuganiza. Mwina nafenso tiyambe kufunafuna kopemphera."

Mayi aja anaika mbaleyo pansi, anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba kutsika. Anawakumbatira amayi mpaka kuwanyamula pang'ono. "Ndakhala ndikukutchulani m'pemphero m'mawa uliwonse, Corinne. M'mawa uliwonse!"

Bambo atamva anaika foloko pansi. "Ine ndisalowemo. Ngati ukufuna kuchita sewero, uchite wekha."

"Inu simumuona mwanayo akudya yekha. Ine ndimamuona."

"Ndiye mapeto ake?"

"Mapeto ake akhala ndi mnzake, basi."

Ndipo zinathekadi, mofulumira mochititsa manyazi. Pasanathe milungu iwiri minibasi yoyera ija inayamba kuima pakhomo pathu. Junie anayamba kukagona kwa Annslee, anayamba kubwera ndi timikanda tomwe anzake amuveka pamkono, anayamba kuimba m'bafa. Amayi anagula diresi labuluu. Lamlungu ankakhala benchi yachiwiri kuchokera kumbuyo, anaphunzira poimirira ndi pokhala, nyimbo ikayamba ankagwedeza milomo. Wina akadwala ankaphika nkhuku n'kukapereka. Analembetsa nambala yawo kuti azilandira nawo mauthenga a mpingo. Amayi anga sachita chinthu mwatheka, ngakhale bodza limene. Akalowa m'galimoto ankavula nsapato n'kunena kuti, "Lina latha."

Ine panthawiyo ndinali kusekondale, komwe atsikana ena ankanditcha Petra wa kumoto, ndipo m'mawa wina anandizungulira pamtengo wa mbendera n'kundipempherera ndisanawapemphe. Tsiku lina ndinawafunsa amayi kuti, "Bwanji ine simunandinamire?"

"Iwe ndiwe wolimba," anatero osandiyang'ana.

Sindine wolimba. Koma nkhaniyi si yanga.

Mu Juni sukulu zitatsekera, tchalitchi chinachititsa mlungu wathunthu wa maphunziro a Baibulo a ana. Lachisanu Junie anabwera atakumbatira Baibulo loyera lachikuto chofewa, maso akuwala. Anali atapita kutsogolo, atalandira Yesu, ndipo abusa a ana anali atalemba tsikulo patsamba loyamba. Kuno aliyense ali ndi tsiku lake limenelo, amalitchula monga mmene munthu amatchulira tsiku lobadwa. Ubatizo wake anauika Lamlungu lachiwiri la Ogasiti.

Amayi ankadula tomato. Junie anakhala patebulo, anatsegula Baibulo lija, anachotsa chivindikiro cha cholembera.

"Amayi, tsiku lanu ndi liti? Pali mzere wa mayi ndi wa bambo. Wa bambo ndiusiya kaye."

Mpeni unaima. Ine ndinali pakhomo la khitchini, ndipo ndinawalankhula ndi maso kuti nenani lililonse, la Malichi, la Meyi, lililonse. Anali atanamiza msewu wonse miyezi isanu ndi umodzi osaphethira. Linangotsala bodza limodzi laling'ono.

"Ndilibe tsiku, Junie."

"Mwaiwala? Mayi Tillery akuti ena amaiwala, koma si vuto, mukhoza kungolemba chaka."

"Sindinaiwale." Anapukuta m'manja, anakoka mpando. "Tamvera, mwanangu. Zimene amanena kuja ine sindizikhulupirira. Ndimapita chifukwa cha iwe, ndimafuna ukhale ndi anzako."

"Koma mumaimba."

"Ndimangogwedeza milomo."

"Pa pemphero mumatsinzina."

"Eya, ndimatsinzina."

Junie anawayang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mukafa mupita kuti?"

"Ine ndimaganiza kuti sindipita kulikonse. Ndipo sindikufa lero, ndikudula tomato."

Anayesa kuseka, koma Junie sanaseke. "Mukapsa," anatero motsitsa mawu. "Anationetsa chithunzi chake." Anavindikira cholembera, anatenga Baibulo lake n'kupita kuchipinda.

Nditawafunsa pambuyo pake chifukwa chake sanangotchula tsiku, anati, "Akanalilemba ndi inki, Petra. Akanakula nalo."

Lachitatu lililonse kutchalitchi ana amapatsidwa timakadi tachikasu kuti alembe zofuna kuwapempherera, ndipo Lachinayi m'mawa zonse zimatumizidwa pafoni ya munthu aliyense wa mumpingo. Nthawi zambiri zimakhala za galu wodwala kapena agogo othyoka chiuno. Lachinayi limenelo, pakati pa mwana wa chifuwa ndi bambo wina wofuna ntchito, panali mzere uwu: "Amayi a Junie Vasko, amene amangonamizira, kuti apulumuke zenizeni." Amayi anauwerenga pafoni yawo yomwe, ataima pamzere wolipira m'sitolo. Anasiya ngolo yodzaza pomwepo n'kutuluka.

Woyamba kuimba anali Mayi Odessa, ndipo ankakuwa moti ndinkamva ndili uko. "Ndinati ufunefune, sindinati ukalowe mpaka kuphikira odwala! Ndiye walowa, bwanji osatseka pakamwa? Iwe mwana iwe, undipha."

Masana ake Mayi Tillery anawoloka msewu opanda mbale. Sanakwiye. Bola akanakwiya.

"Ndinalira nanu pakhonde panga, Corinne. Ndinaimirira pamaso pa amayi anzanga onse n'kuchitira umboni kuti Ambuye andiyankha."

"Pepani. Sindinafune kukupusitsani."

"Koma munatero." Anakonza kolala ya bulauzi yawo. "Za mwana musade nkhawa. Iye alibe mlandu, ndipo sitimutaya."

Sanamutayedi. Anayamba kumukonda kuposa kale. Anakhala mwana wa mpingo wonse, kamtsikana kolimba mtima ka m'nyumba ya anthu otayika. Mlungu umodzi ankadya kwa a Tillery masiku anayi. Azimayi ankamugulira madiresi, ankamupsompsona pamutu. Amayi akawapatsa moni azimayi omwewo, ankayankha bwinobwino, n'kukumbukira kuti asiya kanthu pamoto.

Kunyumba Junie anasintha. Amayi ankapeza timapepala ta uthenga m'chikwama mwawo, m'nsapato, pansi pa sopo. Akati alize galimoto, Junie ankathamanga n'kugwira chitseko. "Amayi, mukachita ngozi? Ingonenani pempherolo, ndi lalifupi, ndikutsogolerani." Akachedwa kusitolo mphindi khumi, ankamupeza atakhala pamasitepe, zikhadabo atazitafuna mpaka magazi.

"Ndimuletsa basi," anatero bambo. "Mwana wazaka eyiti azigona ndi mantha a moto? Sapitanso."

"Mumuletse, akakhalenso yekha kumapeto kwa tebulo? Motowo sauchotsa m'mutu chifukwa mwamuletsa. Aziuopabe, koma ali yekha."

"Ndinakuuza ine."

"Munandiuza. Ndiye tichite chiyani tsopano, a Russ, poti ndinu odziwa?"

Bambo anatuluka n'kukatsegula boneti ya galimoto yomwe inalibe vuto lililonse. Za kubwerera ku Tacoma anazikambapo kamodzi, koma ntchito ili kuno, ndipo amayi atamufunsa Junie mwa nthabwala, iye anati, "Inu pitani. Mayi Tillery akuti chipinda chilipo."

Pali chinthu china chimene palibe akuchidziwa, ngakhale bambo. Amayi anayesa. Milungu iwiri ankawerenga Baibulo patebulo la kukhitchini masana, ndi chala pamzere ngati mwana wa sukulu. Tsiku lina ndinawapeza atagwada m'kachipinda kochapira, pakati pa makina ndi dengu la zovala, maso ali chitsinzinire. Ndinaima osapuma. Patapita nthawi anagwira makina aja n'kudzuka, mawondo ali ofiira.

"Kuli zii, Petra," anatero. "Ndayesa ndithu. Ndikanatha ndikanamupatsa."

Dziwe la ubatizo la tchalitchi chimenecho lili kutsogolo, pamwamba pa malo a kwaya, ndipo mwana akatuluka m'madzi amakwera masitepe opita kuseri kwa khoma. Kumeneko amadikira mayi ake ndi thawulo. Mayi aliyense amagula latsopano loyera. Amayi anagula lalikulu kwambiri limene analipeza, analichapa kawiri kuti lifewe, anasokapo dzina la Junie pakona ndi ulusi wobiriwira monga mayi awo anawaphunzitsira. Loweruka masana akulipinda, Junie anabwera n'kuima patali pang'ono, manja ali kumbuyo.

"Amayi, musakwiye."

"Nena."

"Thawulo akagwire Mayi Tillery. Ndawapempha kale."

"Abusa anena choncho?"

"Ayi. Ndaganiza ndekha. Kumeneko n'koyera, ndiye inu mukanamizira kumeneko mwina mlandu wanu ukula. Ndikukutetezani."

Ine ndinafuna kumumenya mbama, ndikuvomera. Amayi anandiyang'ana kamodzi, ndinakhala pansi. Anamaliza kupinda thawulo lija, analisalaza ndi dzanja, anamupatsa.

"Tenga ukawapatse. Uwauze akupukute bwino m'makutu, madzi akalowa umadwala."

Lamlungu bambo anakana kupita. Tinapita awiri, ine ndikuyendetsa. Tinakhala benchi yomaliza, ndipo banja limene linali pamenepo linasunthira uko kutipatsa malo ambiri kuposa amene tinkafuna. Ana anali asanu ndi mmodzi, Junie wachinayi. Mkanjo woyera unamukulira. Abusa anamufunsa, iye anayankha mokweza kuposa anzake onse, anamumiza chagada n'kumudzutsa, tsitsi litamatirira kumaso. Anthu anaomba m'manja, ena anakuwa. Junie anakwera masitepe aja n'kulowa kuseri kwa khoma. Amayi anaimirira ndi zala za kumapazi, anasuzumira uku ndi uku, ngati khoma lingasunthe.

Mapemphero atatha Mayi Tillery anatipeza pakhomo, atanyamula jumbo lapulasitiki. "Anali ngati mngelo, Corinne. M'makutu ndamupukuta. Kwathu kuli chakudya, ngati mungakonde kubwera." Ananena mwaulemu wonse, akuyang'ana munthu wina kumbuyo kwathu.

"Mutu ukundipweteka," anatero amayi. "Zikomo."

Anatipatsa jumbo lija, muli thawulo lonyowa. Tinakalowa m'galimoto. Amayi analiika pamiyendo, madzi n'kuyamba kudontha pa diresi. Kunkatentha kwambiri, ndipo ndinaika kiyi.

"Tiyeni tizipita," ndinatero.

"Dikira kaye. Mwina atuluka kudzatitsanzika."

Tinadikira. Magalimoto anachoka limodzilimodzi mpaka tinatsala ife ndi bambo wina amene ankatseka zitseko. Anabwera pawindo n'kutifunsa ngati galimoto yavuta. Amayi anati ayi, tikudikira mwana. Bamboyo anati ana a ubatizo atulukira khomo lakuseri, ndipo apita kalekale.